Ndani anaveka mphete mbalame za pa doko la Peterhead?

FUNSO: Ndimagwira ntchito yokonza nsomba ku Peterhead, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Pa nthawi yopuma ndimakonda kukhala pa doko n'kumaonerera mbalame zija amati ma gull zikulimbirana zotsala za nsomba. Sabata yatha ndinaona ina yaikulu, ya msana wakuda bii, ili ndi mphete yakuda ya pulasitiki kumwendo, yolembedwa zoyera. Ndinangogwirako J ndi 7, basi inauluka. Kodi ndi yoweta? Nanga mpheteyo siyipweteka? — Mayi wa ku Peterhead

YANKHO: Mayi, funso lanu landisangalatsa, chifukwa anthu ambiri amadutsa mbalame zimenezi osayang'ana n'komwe miyendo yake. Siyoweta ayi. Ndi mbalame yakutchire imene akatswiri anaigwira, mwina ili kamwana m'chisa, n'kuiveka mphete kuti adziwe kumene imapita ndi zaka zimene ikhale ndi moyo. Ntchitoyi inayamba mu 1899 ndi mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, ndipo ku Britain inafika mu 1909. Lero kumeneko imayendetsedwa ndi bungwe la British Trust for Ornithology, BTO mwachidule, ndipo munthu saloledwa kuveka mbalame mphete asanaphunzitsidwe n'kupatsidwa chilolezo. Mphete imasankhidwa molingana ndi kukula kwa mwendo, imazungulira momasuka, ndipo kwa mbalame yolemera kupitirira kilogalamu imodzi ngati mwaionayo, kulemera kwake n'kosanunkha kanthu.

Mukadzaionanso, yang'anani mwendo winawo. Mwachidziwikire mudzapeza kamphete kachitsulo. Kameneko kali ndi nambala yake yeniyeni, koma zilembo zake n'zazing'ono moti kale anthu ankaziwerenga mbalame ikafa kapena ikagwidwanso. Ya pulasitiki inabwera kudzathetsa vutoli: imawerengeka mbalame ili moyo, ili patali, ngati mmene mumawerengera nambala ya galimoto.

J mwaionayo ikundiuza kanthu. Mphete za ma gull zoyamba ndi J kawirikawiri zimakhala za ku Norway, kutsidya kwa nyanja ya North Sea. Zoyamba ndi V zambiri n'za ku Denmark. Kwanuko kulinso gulu la Grampian Ringing Group lomwe limaveka mbalame za m'deralo. Koma pano ndiyenera kukuuzani mosabisa: J ndi 7 pazokha sizingathandize aliyense. Mbalame zambirimbiri zili ndi zilembo ziwirizi. Ndipo chimene ndimadana nacho kwambiri pa ntchitoyi n'kulota chilembo chimene sunachione. Mukalemba 8 pomwe panali B, mbalame ina yomwe ili phee ku Bergen, ku Norway, idzalembedwa kuti inafika ku Peterhead, ndipo bodzalo lidzakhala m'kaundula zaka zambiri. Zimene zimasokoneza kwambiri ndi 8 ndi B, 5 ndi S, 2 ndi Z, 0 ndi D. Pamene mwakayika, lembani kuti mwakayika.

Tsono chitani chonchi. Musavutike ndi mbalame zosambira, miyendo yake ili m'madzi. Dikirani zitere pa simenti ya doko, pa madenga kapena pa khoma lotchinga mafunde, makamaka maboti akamatsitsa nsomba. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Ngati muli ndi galimoto, khalani momwemo, chifukwa mbalamezi zimaopa munthu woyenda kuposa galimoto yoima. Magalasi oonera patali amathandiza, komabe ma gull a pa doko anazolowera anthu moti kamera ya foni imakwanira nthawi zambiri. Jambulani zithunzi zingapo, osati chimodzi, pakuti mphete ndi yozungulira ndipo mbalame ikatembenuka chilembo chobisika chimaonekera. Mukatero lembani pompo mtundu wa mphete, mtundu wa zilembo, mwendo umene yavala (kumanzere kapena kumanja kwa mbalameyo, osati kwanu), tsiku ndi malo. Samalani ndi mitundu: mphete yoyera ikakalamba imaoneka yachikasu, ndipo matope amadetsa chilichonse.

Mtundu wa mbalame nawo ulembeni ngati mwauzindikira. Ya msana wakuda bii, yaikulu kuposa zonse, ya miyendo yofiirira motuwa, ndi great black-backed gull, ndipo ndikuganiza kuti yanuyo ndi imeneyi. Ya msana wotuwa mowala ndi herring gull. Yocheperako, ya msana woderako ndi miyendo yachikasu, ndi lesser black-backed gull. Zamawangamawanga zija si mtundu wina, ndi ana. Zimatenga pafupifupi zaka 4 kuti zivale nthenga za zazikulu.

Kotumiza ndi pa intaneti. Tsamba la cr-birding.org, lomwe analiyambitsa Dirk Raes wa ku Belgium, limakufunsani mtundu wa mbalame, mtundu wa mphete ndi chilembo choyamba, kenako limakuonetsani amene anaiveka. Mukasowa poyambira, tumizani ku BTO. Amene anaivekayo nthawi zambiri amakubwezerani mbiri yonse ya mbalameyo: kumene inaswedwa, chaka chake, ndi malo onse amene anthu anaiona. Umu ndi mmene zinadziwikira kuti ma lesser black-backed ambiri a ku Britain amakathera nyengo yozizira ku Portugal, Spain ndi Morocco, pomwe abale awo a ku Finland amauluka mpaka ku nyanja zikuluzikulu za kum'mawa kwa Africa monga Victoria.

Musaganize kuti mbalame yomwe mumaiona tsiku ndi tsiku pamalo amodzi siyofunika kuilemba. Herring gull inalowa mu 2009 m'ndandanda wa mbalame zodetsa nkhawa kwambiri ku Britain chifukwa chiwerengero chake chatsika, ngakhale m'matauni imaoneka yochuluka. Mbalamezi zina zimapitirira zaka 30, ndipo akatswiri amadziwa kuchuluka kwa zimene zikupulumuka chaka ndi chaka kudzera mwa anthu ngati inu, amene muli pa doko mu Januwale pomwe iwo kulibe.

FUNSO: Ndinapeza gull yakufa m'mbali mwa nyanja ku Cape Town, ili ndi mphete yachitsulo. Ndikanatani? — Bambo wa ku Muizenberg

YANKHO: Bambo, musaigwire ndi manja, chifukwa chimfine cha mbalame chapha mbalame zambiri za m'nyanja kumeneko kuyambira 2021. Tembenuzani mwendowo ndi kamtengo, jambulani mphete mbali zonse mpaka nambala yonse ioneke, ndipo tumizani chithunzicho ku SAFRING, bungwe losunga kaundula wa mphete za mbalame lomwe lili pa University of Cape Town. Muwauze tsiku, malo enieni, komanso ngati mbalameyo inali itangofa kumene kapena itauma kale.