Kadontho ka m'mapapo sikuti nthawi zonse ndi khansa

Achemwali, mwati bambo anu atawajambula pachifuwa adokotala aona kadontho m'phapo, ndiye mukufunsa ngati imeneyi ndi khansa. Pepani, ndikudziwa kuti mtima suli m'malo. Koma timadontho totere tambiri sitikhala khansa ayi.

Kuno kwathu choyamba kuganizira ndi TB. Munthu amatha kudwala TB kalekale n'kuchira, ena osadziwa n'komwe kuti anadwalapo, koma chipsera chake chimatsala m'mapapo ndipo chimaonekabe akajambula. Amene anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni nawonso fumbi la miyala limawasiyira timadontho. Ndiye akayezetse makhololo kaye, kuchipatala cha boma ndi ulere.

Chimene madokotala amayang'ana kwambiri ndi kukula kwake. Kadontho kosafika mamilimita 6, kutalika ngati njere ya mpunga, mwa anthu 100 okhala nako sapezeka ngakhale mmodzi wathunthu amene kali khansa. Kakaposa mamilimita 8 amakatsata mwachangu, mwina kujambulanso pakatha miyezi itatu, mwinanso kutapako kanyama kuti akakapime. Chikaposa masentimita atatu chimenecho ndi chotupa, sichodikirira. Amaonanso maonekedwe: kosalala m'mbali, kouma ngati fupa, kawirikawiri ndi chipsera chakale. Kokhala ndi timinga m'mbali ndiko kamadetsa nkhawa, makamaka ngati munthu ndi wamkulu ndipo wasuta fodya zaka zambiri. Zonsezi X-ray wamba saonetsa bwino, n'chifukwa chake amatumiza anthu ku CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, kuzipatala zazikulu.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Akakuuzani kuti mubwerenso pakatha miyezi 6, sikuti akukutayani. Akufuna aone ngati kakukula, chifukwa kadontho kolimba kamene kakhala zaka ziwiri osasintha nthawi zambiri si khansa. Tsikulo mulilembe m'kabuku ka kuchipatala, ndipo bambo akapite ngakhale akudzimva kuti ali bwinobwino, poti khansa ya m'mapapo ikamayamba sipweteka. Ngati pali chithunzi chakale cha pachifuwa chimene chinasungidwa m'sutikesi, chifufuzeni mupite nacho. Dokotala akayika chakale ndi chatsopano pamodzi amadziwa zambiri nthawi yomweyo.

Chinanso chimene chimandiwawa: anthu ena amamwa mankhwala a TB miyezi ndi miyezi, makhololo asanaonetse TB, kumangowondabe, matenda enieni akukula. Ngati awayambitsa mankhwalawo asawasiye okha, koma pakatha miyezi iwiri osaona kusintha, bwererani mukafunse kuti awaunikenso.

Akayamba kutsokomola magazi, kuwonda, kusasa mawu kosatha kapena kubanika, musadikire tsiku lija, thamangirani kuchipatala. Ngati amasuta, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe, muwathandize asiye lero. Munene msinkhu wawo komanso kukula kwa kadonthoko monga alembera pa pepala, tione zoyenera kukafunsa adokotala.