Tifunseni: Mukasamuka, Ndani Ayenera Kudziwa?

Funso: Kumapeto kwa mwezi uno ndikuchoka m'nyumba ya lendi ku Chinamwali kupita ku Matawale, kuno ku Zomba. Mita ya magetsi ndi yolipiriratu ndipo muli mayunitsi ambiri. Kodi ndingasamuke nawo? Nanga za madzi ndipange bwanji?
Mayi wa ku Chinamwali

Yankho: Mayi, mayunitsi sasamuka. Manambala 20 aja mumalandira mukagula magetsi amalowa pa mita imodzi yokha, imene munalemba pogula, ndipo mitayo ndi ya ESCOM, imatsala pa nyumba pomwepo. Choncho sabata yomaliza muzigula pang'onopang'ono. Akatsala ochuluka, gwirizanani ndi wolowa m'nyumbamo kuti akubwezereni ndalama yake.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa foni. Nambala ya mita yakale imakhala itasungika pa Airtel Money, Mpamba kapena pa app ya banki. Munthu wafika ku nyumba yatsopano madzulo, wagula mwachizolowezi, token yakana, ndiye n'kuzindikira kuti waunikira eni nyumba yomwe wachokayo. Ifufuteni tsiku losamuka lomwelo. Pa mita yatsopano yambani n'kugula za ndalama zochepa, muone ngati mayunitsi abwera okwanira, chifukwa mita ikakhala ndi ngongole yakale, amadula pa ndalama zomwe mukugulirazo.

Madzi ndiye ofuna maso, poti bilu imabwera mutagwiritsa kale ntchito. Musanapereke makiyi, pitani pa mita limodzi ndi alandilodi, pukutani galasi lake, mujambule pa foni kuti manambala a madzi ndi nambala ya mita zioneke bwino. Kenako pitani ku ofesi ya Southern Region Water Board, mufunse zomwe zatsala pa akaunti, mulipire gawo lanu ndi kusunga lisiti. Ngati akauntiyo ili m'dzina lanu, lembani kalata yoti atseke kapena asinthe dzina, ndipo kope lanu alidinde. Kuuza kalaliki pakamwa sikokwanira. Mukapanda kutero, wina azichapa ndi kuthirira maluwa, ngongole ikukwera pa inu.

Ku Matawale nakonso funsani za akaunti musanalipire lendi yoyamba. Odula madzi safunsa kuti anagwiritsa ntchito ndani, ndipo kulumikizanso kuli ndi ndalama yakeyake. Ngati mpope ndi umodzi pa mabanja angapo, mumve msanga kuti bilu amagawana motani, pa khomo kapena pa mutu.

Funso: Kwathu kuno nyumba zambiri zilibe manambala, ndipo kalata sinafikepo pakhomo panga. Ndikasamuka ku Sadzi kupita ku Mpondabwino, kuuza banki kuli ndi phindu lanji?
Bambo wa ku Sadzi

Yankho: Phindu lilipo, bambo. Malamulo amafuna kuti banki izidziwa kumene kasitomala wake akukhala, chija amati KYC, ndipo zolembedwa zanu zikakhala zakale angathe kuimitsa akaunti mpaka mutakonza. Tengani chiphaso cha unzika ndi umboni wa komwe mukukhala: bilu ya madzi, lisiti ya magetsi kapena pangano la lendi. Mabanki ena amalandiranso kalata ya kuntchito kapena ya amfumu, choncho funsani kaye. Pa fomu pamakhala malo ojambula mapu. Yambirani pa chinthu chosasuntha, monga sukulu, tchalitchi kapena mlatho, osati “pomwe amagulitsa makala”.

Ngati muli ndi ngongole ku banki, ku SACCO kapena ku banki m'khonde, auzeni musanakweze katundu m'galimoto. Akabwera n'kupeza nyumba yotseka amati mwathawa, ndipo woyamba kuvutitsidwa ndi amene anakusainirani. Amene anaika katundu wa m'nyumba pa inshulansi adziwe kuti pangano limatchula nyumba yeniyeni. Akuba akalowa m'nyumba yomwe kampani siikuidziwa, kulipira kumavuta.

Bokosi la ku positi ofesi silisintha ngati ndi lanulanu ndipo mukadali mu Zomba momwemuno. Koma ambiri timalemba bokosi la kuntchito kapena la mpingo, ndiye mukachoka kumeneko sinthani. Chiphaso cha unzika chimagwirabe ntchito, simufunika china. Za kuvota, dzina lanu lili pa malo omwe munalembetsera, ndipo kulisamutsa kumadikira nthawi yomwe bungwe la MEC lalengeza.

Funso: Tikusamukira ku Zomba kuchokera ku boma lina. Mwana wathu ali mu Sitandade 8, ndipo apongozi anga amalandira mankhwala otalikitsa moyo. Tiyambire pati?
Mayi wodera nkhawa

Yankho: Yambirani kwa apongozi. Apite ku chipatala komwe amalandirira mankhwala, anene kuti akusamuka, awalembere kalata yowasamutsa yosonyeza mtundu wa mankhwala ndi tsiku lomwe anayamba. Apemphenso mankhwala okwanira kuwafikitsa pa tsiku lokaonekera kuno, kaya ku Zomba Central Hospital kaya ku chipatala chaching'ono chapafupi. Kungosowa osatsanzika kumachititsa kuti kwakale awalembe ngati wosiya mankhwala, kuno n'kuyambanso kufunsidwa zonse. A TB, shuga ndi BP achite chimodzimodzi. Buku la kuchipatala likhale m'chikwama cha m'manja, lisalowe m'katoni ya mbale.

Za mwanayo, funsani aphunzitsi aakulu ngati dzina lake linapita kale ku MANEB. Ngati linapita, mayeso ake ali pa senta ya sukulu yakaleyo, ndipo kalata ya transfer payokha sisuntha dzinalo. Ife tingati, ngati kuli wachibale wodalirika, mwana atsale amalize. Wa makalasi ena angotenga transfer ndi malipoti ake, koma pezani malo kuno musanamuchotse uko.

Funso: Ndagulitsa nyumba yanga ku Mulunguzi. Wogula walowa kale. Pali chinanso?
Bambo wopuma pantchito

Yankho: Chilipo. Ku Zomba City Council nyumbayo ikadali yanu mpaka mutawadziwitsa, ndipo ma city rates azibwerabe m'dzina lanu. Pitani limodzi ndi wogulayo, mutenge pangano logulitsirana, mulipire zotsalira, asinthe dzina. Muchitenso zomwezo ku ESCOM ndi ku Water Board, ndipo mutsatire kuti zikalata za malo zasinthidwa ku ofesi yomwe inazipereka.