Boma likamalipira anthu kuti aphwanyitse magalimoto akale, masipeya amapita kuti?

Kalata yomwe tikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wogulitsa masipeya a kaunjika, amene amaitanitsa katundu wake kunja pa kontena. Iwo amva kuti m'maiko olemera boma nthawi zina limapatsa munthu ndalama kuti apereke galimoto yake yakale ikaphwanyidwe, iye n'kugula yatsopano. Ndiye akufunsa ngati nyengo yotereyi si ndiyo yokolola kwa ophwasula magalimoto, komanso ngati ogula mainjini ndi magiyabokosi ngati iwowo sangapezerepo katundu wotchipa.

Bambo, zikomo chifukwa cha funsoli. Manyuzipepala akamalemba za ndondomeko zoterezi amathamangira pa ndalama yomwe boma likupereka. Inu amene mumadyera masipeya, ndime yoti muwerenge kaye ndi ina: lamulo likuti galimotoyo ikaperekedwa ichitidwe chiyani? Injini ikuloledwa kugulitsidwa kapena iyenera kuphedwa? Wophwasula wapatsidwa masiku angati? Phindu kapena kuluza kwa wina aliyense kumachokera pamenepo.

Tiyambire ku United States. Mu 2009, chuma chitagwa ndipo General Motors ndi Chrysler zitalowa m'mavuto a ngongole, Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo mu June lokhazikitsa Car Allowance Rebate System, yomwe anthu ankangoitchula kuti Cash for Clunkers. Galimoto yakale inkayenera kukhala yosapitirira zaka 25, yotha kuyenda yokha, yomwe yakhala m'dzina la mwiniwakeyo ili ndi inshuwalansi kwa chaka chathunthu, komanso yomwa mafuta kwambiri: mamailosi 18 pa galoni kapena kucheperapo, omwe ndi pafupifupi makilomita 7.6 pa lita. Mwini wake ankachotseredwa madola 3,500 kapena 4,500 pa mtengo wa galimoto yatsopano, kutengera kusiyana kwa kamwedwe ka mafuta pakati pa yakaleyo ndi yatsopanoyo, ndipo yatsopanoyo sinkayenera kudula kuposa madola 45,000. Ndalama zoyamba, madola 1 biliyoni, zinaoneka kuti zatha pofika kumapeto kwa July. Nyumba ya malamulo inawonjezera madola 2 biliyoni, ndipo pa 24 August ndondomeko inatsekedwa, magalimoto pafupifupi 680,000 ataperekedwa.

Tsono imvani zomwe zinkachitikira injini. Wogulitsa magalimoto atsopano, yemwe ankalandira yakaleyo, ankalamulidwa kukhetsa oilo yense, kubwezera chotsekera cha pansi, kenako n'kuthira malita pafupifupi awiri a madzi osakaniza ndi sodium silicate wokwana 40 peresenti pa malo pomwe pamalowera oilo. Akatero ankaliza injini n'kuiponda mpaka izizungulira maulendo 2,000 pa mphindi (rpm), n'kuisiya ikulira choncho. Madzi aja amauluka ndi kutentha, chotsala chimauma ngati galasi m'tinjira ta oilo, m'mabering'i a crankshaft, mu pampu ya oilo ndi pa camshaft. Pakati pa mphindi zitatu ndi khumi injini inkayamba kugogoda, kenako n'kuima. Lamulo linkati aidikire ola limodzi kuti izizire n'kuyesanso kuiliza, ndipo ikalira abwereze mpaka isiyiretu. Pomaliza ankamatapo chikalata chochenjeza kuti injiniyi yaonongedwa dala. Mankhwala omwewa, mwa njira, amapezeka m'mabotolo ena omwe amakaniko amathira mu rediyeta pofuna kutseka gasket yodontha. Mu rediyeta amamata pobooka, koma m'malo mwa oilo amanoketsa injini kotheratu, moti ngakhale kuigaya sikuthandiza.

Injini yotere ukaiyang'ana kunja imaoneka yabwinobwino, mwina yongoyenda makilomita ochepa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Wophwasula magalimoto amadyera pa injini ndi giyabokosi. Zina zonse, zitseko, mabampa, magalasi, nyali, sitata, alternator, zimayenda pang'onopang'ono. Lamulo la ku America linaletsa kugulitsa buloko ya injini, ndipo chilichonse chomwe oilo amadutsamo chinali chitafa kale. Giyabokosi, propshaft ndi difu zinkaloledwa pokhapokha zigulitsidwe chilichonse pachokha. Choncho wophwasula ankalandira galimoto yomwe chiwalo chake chodula kwambiri chasanduka chitsulo cha pa sikelo, koma ntchito yake inali yomweyo ya masiku onse: kuikoka kuchokera kwa wogulitsa, kukhetsa petulo, madzi a mu rediyeta ndi mafuta a mabuleki, kupopa mpweya wa air conditioner, kuchotsa batire, matayala ndi timaswitchi tokhala ndi mercury, n'kulemba malipoti ku kaundula wa boma. Pamwamba pa izo mtengo wa zitsulo zakutha unali utagwa kwambiri kuyambira kumapeto kwa 2008.

Vuto lachiwiri linali nthawi. Masiku onse galimoto imakhala pabwalo la wophwasula miyezi yambiri, anthu n'kumabwera kudzachotsa lero chitseko, mawa galasi, mpaka itatsala chigoba. Apa lamulo linapereka masiku 180 kuti galimoto iphwanyidwe kapena inyenyedwe m'makina, ndipo ophwasula atadandaula boma linawonjezera masiku 90. Wokhala ndi bwalo laling'ono komanso antchito ochepa sakanatha kumasula magalimoto mazanamazana ofika nthawi imodzi. Ankachotsa zothamanga msanga, monga catalytic converter yomwe imakhala ndi platinum, palladium ndi rhodium, marimu ndi batire, zotsalazo n'kupita m'makina zili zabwino.

Chachitatu chomwe anthu amaiwala n'chakuti magalimoto operekedwawo ankafanana. Pamwamba pa mndandanda panali Ford Explorer, Ford F-150 ndi Jeep Grand Cherokee. Bwalo lililonse m'tauni likakhala ndi zitseko za Explorer zaka zofanana, mtengo wa chitseko umagwa, pomwe injini ya Explorer yomweyo, yomwe munthu wosauka akuifunafuna, kulibe. Kutumiza magalimotowo kunja kunali koletsedwa, ndipo wophwanya malamulo ankatha kulipitsidwa mpaka madola 15,000 pa mlandu umodzi.

Ku Germany anachita mosiyana, ndipo zotsatira zake zinasiyananso. Ndondomeko yawo, yomwe boma linkaitcha Umweltprämie koma anthu n'kumati Abwrackprämie, inayamba mu January 2009. Inkapereka mayuro 2,500 pa galimoto ya zaka zisanu ndi zinayi kapena kuposerapo. Thumba linakwezedwa kuchoka pa mayuro 1.5 biliyoni kufika pa 5 biliyoni, ndipo linatha kumayambiriro kwa September, magalimoto pafupifupi 2 miliyoni atalembetsedwa. Kumeneko injini sinkaphedwa. Chofunika chinali chikalata chochokera kwa wophwasula wovomerezeka chonena kuti galimoto yalandiridwa kuti iphwasulidwe. Chaka chimenecho ophwasula analandira magalimoto pafupifupi 1.8 miliyoni, kuwirikiza kanayi chiwerengero cha chaka wamba, moti ankawasanjikiza pamwamba pa anzake posowa malo. Masipeya anachuluka n'kutsika mtengo. Komano poti injini inali yamoyo, chikalata chinkatha kulembedwa galimoto n'kutulukira khomo lakumbuyo. Bungwe la apolisi ofufuza milandu la BDK linayerekeza kuti magalimoto ofika mwina 50,000 anazembetsedwa kupita kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Africa. Ku America anasankha kupha injini pofuna kutseka khomo ngati limeneli, ndipo amene analipira mtengo wake ndi ophwasula ndi makasitomala awo.

Ndiye pa funso lanu la katundu wotchipa, inde, ndondomeko ya mtundu wa ku Germany imabweretsa masipeya otchipa kwa kanthawi, pomwe ya mtundu wa ku America imabweretsa zigoba zambiri ndi mainjini akufa. Koma maiko awiri onsewa magalimoto awo ali ndi chiwongolero kumanzere. Nyali zakutsogolo, steering rack, dashboard ndi mawaipa sizilowa pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja ngati zomwe zadzaza m'misewu ya Malawi ndi Zambia, ndipo kasitomala wofuna chitseko cha F-150 mungamudikire chaka.

Misika yokukhudzani ndi ya Britain ndi Japan. Ku Britain, kuyambira May 2009 mpaka March 2010, munthu ankachotseredwa mapaundi 2,000, theka lochokera ku boma theka kwa wopanga magalimoto, akapereka galimoto ya zaka khumi, ndipo pafupifupi 400,000 inapita. Galimoto ikapatsidwa Certificate of Destruction, chikalata chotsimikiza kuti yaperekedwa kukaphwanyidwa, kumeneko sibwereranso pamsewu, koma masipeya ake wophwasula wovomerezeka amatha kugulitsa. Mpaka 2024 mzinda wa London unkapereka mapaundi 2,000 kwa eni magalimoto osakwaniritsa malamulo a utsi a ULEZ, omwe anafalikira mzinda wonse mu August 2023. Ku Japan, kuyambira 2009 mpaka September 2010, boma linkapereka mayeni 250,000 kwa wophwanyitsa galimoto ya zaka 13 kapena kuposerapo n'kugula yatsopano yosamwa mafuta. Apa m'pomwe ogula a kuno angamve kuwawa, chifukwa galimoto ya zaka 13 ndi yomwe ija imagulidwa pa okushoni n'kukwera sitima kupita ku Dar es Salaam kapena Durban. Mwini wake akaona kuti boma likupereka zambiri kuposa wogula pa okushoni, galimoto yathunthu imasowa, m'malo mwake imatuluka ngati injini yomasula kapena half-cut, theka la galimoto yodulidwa pakati. Wofuna galimoto yoyenda amaluza, inu wa masipeya mumapezako. Tisanamizire ndondomeko yokhayo pa zonse zomwe zinachitika chaka chimenecho: mu January 2009 Russia, yomwe inkagula magalimoto akale ambiri a ku Japan, inakweza msonkho, ndipo msika wonse unagwedezeka.

Nanga ogula magalimoto atsopano ku America? Ndalama ya boma inkalowa m'malo mwa mtengo wa galimoto yakaleyo, sinkawonjezeredwa pamwamba. Wokhala ndi galimoto yomwe akanaigulitsa madola 5,000 akanaluza poipereka. Wopindula anali amene galimoto yake inali ya madola 1,000 kapena 1,500 koma ali ndi ndalama kapena mwayi wa ngongole yogulira yatsopano, chifukwa ku America yogwiritsidwapo kale ntchito sinkaloledwa. Anthu otere si osauka kwenikweni. Ambiri anagula Toyota Corolla, Honda Civic, Toyota Camry ndi Ford Focus, ndipo kamwedwe ka mafuta kanasinthadi: operekedwa ankayenda mamailosi 15.8 pa galoni, ogulidwa 24.9. Akatswiri a zachuma Atif Mian ndi Amir Sufi anapeza kuti magalimoto oposa 350,000 omwe anagulidwa mowonjezera m'miyezi iwiriyo anali oti akanagulidwabe miyezi yotsatira, moti pasanathe chaka kusiyana kunali kutafafanizika. Ku Germany magalimoto atsopano olembetsedwa anafika 3.8 miliyoni mu 2009, chaka chotsatira n'kugwera pa 2.9 miliyoni.

Mudzamva ena akunena kuti Cash for Clunkers ndi imene inakweza mitengo ya magalimoto akale ku America konse. Kumeneko n'kukokomeza. Dzikolo linali ndi magalimoto pafupifupi 250 miliyoni, ndipo 680,000 sikwana ngakhale theka la peresenti imodzi. Chomwe chinachepetsa kwambiri magalimoto akale n'chakuti malonda a atsopano anagwa kuchoka pa 16 miliyoni mu 2007 kufika pa 10.4 miliyoni mu 2009, ndipo galimoto yosagulidwa lero singadzapezeke pa kaunjika pakatha zaka zitatu. Komabe ululu wa ndondomekoyo unagwera malo amodzi: magalimoto akuluakulu otchipa koma oyenda, omwe m'misiri kapena banja la ana ambiri limagula ndi ndalama ya m'manja, komanso mainjini osinthira magalimoto omwewo. M'maganizo athu, kupha injini yabwino n'kosamveka ngati cholinga chili choteteza chilengedwe, popeza injini yosinthira siwonjezera galimoto pamsewu, imangopangitsa kuti ina isatayidwe msanga.

Mukamva kuti dziko lomwe mumagulako layambitsa ndondomeko yotereyi, funsani wokutumizirani katundu ngati lamulo likulola kugulitsa injini ndi kuitumiza kunja, ndipo akupatseni nambala ya chassis ya galimoto yomwe injiniyo yachokera. Gulani potsata nambala ya mtundu wa injini, monga 1NZ-FE kapena 2ZR-FE, chifukwa dzina la galimoto limodzi limakhala ndi mainjini osiyana m'maiko osiyana. Kwa katundu wa ku Britain dziwani magulu omwe a inshuwalansi amaikamo magalimoto owonongeka: Category A imaphwanyidwa yonse popanda kuchotsapo kanthu, Category B masipeya amaloledwa koma chigoba chiyenera kuphwanyidwa. Musathamangire miyezi yoyamba yokha, mitengo imatsika kwambiri mabwalo akadzaza ndipo masiku a wophwasula akatsala pang'ono kutha, koma nthawi yomweyo ndi yomwe amamasula mothamanga n'kumadula mawaya ndi mapaipi m'malo momasula, ndiye nenani poyera kuti mukufuna waya yense ndi kompyuta ya injini.

Injini ikafika, musanaigulitse, chotsani mapulagi, ikani soketi pa bauti ya crank pulley n'kuizunguliza ndi manja maulendo awiri athunthu. Ikakana kapena ikamagwira penapake, musaikakamize. Tsegulani chotsekera oilo muone ngati muli thovu loyererako, chomwe ndi chizindikiro cha madzi. Masulani sump, pisani chala pansi pake: tizidutswa tonyezimira ngati mkuwa ndi mabering'i odyeka, ndipo zokhakhala ngati mchenga ndi chifukwa chokwanira choibwezera. Injini yomwe yakhala pabwalo miyezi yambiri yopanda manifold imalowa mvula, dzimbiri n'kugwira m'masilinda omwe mavavu ake anali otseguka, choncho unikani ndi tochi m'mabowo a mapulagi. Ikadutsa zonsezi, pimani compression silinda iliyonse, ndipo kusiyana pakati pa yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri kusapitirire pafupifupi 10 peresenti.