Funsani Azakhali: Kodi inshuwalansi ya chipatala ndi ya apamanenti okha?

Zikomo Azakhali,

Amuna anga amaphunzitsa masamu pa yunivesite ina kuno ku Chipata, koma sanalembedwe ntchito yokhazikika. Amalipidwa malinga ndi maola amene aphunzitsa, ndipo kontilakiti amasainira temu iliyonse. Mwezi wathawu mwana wathu wa zaka 7 anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, mankhwala ena tinachita kukagula kufamase ndi ndalama ya lendi. Pabedi loyandikana nafe panali mwana wa dalaivala wa payunivesite yomweyo, iwo anangopereka nambala yawo, basi n'kuthandizidwa. Amuna anga atakafunsa kuofesi anauzidwa kuti inshuwalansi ndi ya apamanenti okha. Kodi n'zoona? Mng'ono wanganso amasesa pamalo omwewo, naye alibe kalikonse.

Ndine mayi wodandaula, ku Kapata

Amayi,

Pepani ndi matenda a mwanayo, ndikhulupirira tsopano wayamba kusewera ndi anzake. Yankho limene bambo anapatsidwa lili ndi choona pang'ono, koma mbali yaikulu yabisika. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yokonza malipiro, ndipo mawu akuti "apamanenti okha" ndinkawamva akutseka pakamwa anthu amene anali ndi ufulu wawo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi. Choyamba ndi sikimu imene yunivesite imatha kukonza payokha ndi kampani ya inshuwalansi kapena chipatala cholipira. Imeneyi imachokera m'kontilakiti kapena m'pangano la abwana ndi bungwe la antchito, choncho angathe kuipereka kwa apamanenti ndi a kontilakiti yaitali n'kusiya a maola. Zimawawa, koma pamenepo mulibe pogwira pokhapokha zitalembedwa m'pepala limene bambo anasaina.

Chachiwiri ndi NHIMA, inshuwalansi ya chipatala ya dziko lonse imene boma la Zambia linayambitsa, ndipo iyi si mphatso ya abwana ayi. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la National Health Insurance Act la 2018, ndipo ndalama zinayamba kudulidwa mu 2019. Wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake a besiki, bwana naye amaikapo 1 peresenti ina, n'kutumiza zonse pofika pa 10 mwezi wotsatira. Ngati besiki ndi K4,000, ndiye kuti K40 ichoka kwa wantchito, K40 kwa bwana. Lamuloli silisankha pulofesa kapena wophika tiyi. Limayang'ana chinthu chimodzi: kodi munthuyu ndi wantchito, ndipo bwana wake ndani? Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limazindikiranso mitundu ingapo ya makontilakiti, wokhazikika, wautali wopitirira miyezi 12, waufupi, ngakhalenso wa maola ochepa. Onsewa ndi antchito.

Ndiye madzulo ano, mukatha kudya, bambo atulutse mapepala awo mukhale nawo pansi. Yambani ndi peyisilipi. Yendetsani chala mbali ya zodulidwa, pamene pamalembedwa PAYE (msonkho) ndi NAPSA (ndalama ya penshoni), muone ngati pali mzere wa NHIMA. Ukakhalapo, bambo ndi membala, ngakhale kuti palibe anawauza. Ndinaonapo bambo wina wolondera pageti akubwera ndi mapeyisilipi a chaka chonse atawapinda m'pepala la shuga, onse ali ndi mzere umenewu, pamene iye anali atagulitsa mbuzi kuti alipire sikani ya mkazi wake. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa chinkangosowa chinali munthu womuuza kuti akalembetse banja lake.

Mzerewo ukapezeka, atenge reji yawo (chitupa cha unzika) apite ku ofesi ya NHIMA akafunse zinthu ziwiri: nambala yawo, komanso ngati ndalama zimene akudulidwa zikufikadi. Kudula ndi kutumiza n'zosiyana, amayi, ndipo ambiri amadzazindikira zimenezi ali kale pamzere kuchipatala. Pomwepo akulembetseni inuyo ndi ana osakwana zaka 18. Membala mmodzi amaloledwa kulembetsa anthu 6 a m'banja lake. Musaiwale kunyamula mapepala a kubadwa a anawo.

Nanga peyisilipi ikakhala kuti palibe n'komwe? Apa m'pamene aphunzitsi ambiri a maola amagwera. Masukulu ena amawatenga ngati munthu wodziimira payekha amene wangogulitsa luso lake: amalemba fomu yoitanitsa ndalama temu ikatha, ndalama n'kulowa kubanki, nkhani yatha. Werengani mutu wa kontilakitiyo. Ngati ikunena kuti ndi pangano la ntchito, ndipo bambo amapatsidwa taimutebulo, amayang'aniridwa ndi mkulu wa dipatimenti, chaka ndi chaka ntchito ndi yomweyo, ndiye kuti ali ndi chifukwa chomveka chofunsira. Alembe kalata yaulemu kwa oyang'anira antchito, asunge kope lake, ndipo yankho alipemphe molemba. Akaona kuti sizikuyenda, ofesi ya Labour ilipo kuno ku Chipata. Ndikudziwa mantha amene alipo, akuti ukafunsa kwambiri temu yamawa sakuitananso. Si mantha opanda pake. N'chifukwa chake ndi bwino aphunzitsi a maola angapo asainire kalata imodzi, mutu umodzi susenza denga.

Koma musadikire kuti kalatayo iyankhidwe muli manja lende. Munthu wodzilemba yekha ntchito amaloledwa kulembetsa ku NHIMA n'kumalipira yekha mwezi ndi mwezi malinga ndi zimene amapeza. Kaya bambo, kaya inuyo ngati muli ndi kageni kanu pamsika, mmodzi alembetse, banja lonse lilowe. Chofunika ndi kusadumphitsa miyezi, makamaka nthawi ya holide pamene maola ophunzitsa kulibe, pakuti mukadukiza mungadzapeze nambala yanu sikugwira tsiku limene mukuifuna. Dziwaninso kuti thandizoli limapezeka m'zipatala ndi m'mafamase okhawo amene ali pa mgwirizano ndi NHIMA, ndiye muzifunsa kaye musanatulutse ndalama m'thumba.

Za mng'ono wanu, iye afunse amene amamulipira funso limodzi lokha: kampani imene inamulemba dzina lake ndi chiyani? Masiku ano osesa ndi alonda ambiri m'masukulu akuluakulu amabwera kudzera m'makampani a kontilakiti. Ngati zili choncho, udindo womulembetsa ndi womuikira 1 peresenti uli kwa kampaniyo, osati kwa yunivesite, ngakhale tsache amaligwirira m'makalasi a yunivesiteyo. Apemphe peyisilipi, ndi ufulu wake, ndipo mumuthandize kuiwerenga monga mmene muchitire ndi ya bambo.

Mukayenda ku maofesiwo mundilemberenso mundiuze zimene mwapeza, makamaka za mng'ono wanuyo.

Azakhali