Za jakisoni wa mphumu amene mwamva uja

Mayi ena a ku Luchenza andilembera imelo kuti mwana wawo wavutika ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono, amva zoti kunja kuli jakisoni wothetseratu matendawa, ndiye akufunsa kuti angamupeze kuti.

Mayi, funso lanuli landikhudza zedi chifukwa inenso ndakula nayo mphumu kuno ku Mulanje. June akafika chiperoni n'kuyamba kutsika m'phirimu ine ndinkagona chokhala nditatsamira khoma, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, amayi anga akukoleza mbaula m'nyumba kuti ndimve kutentha osadziwa kuti utsi womwewo ndi umene ukundibanikitsa. Inhela ya buluu ija ya salbutamol ndinkayenda nayo m'thumba, koma ya bulauni ya beclomethasone, yochepetsa kutupa kwa njira za mpweya, azakhali anaibisa, ati ukaiyamba sudzaisiyanso. Bodza limeneli likuwononga mapapo a ana ambiri kwathu kuno ndipo limandipsetsa mtima mpaka lero.

Mphumu si kubanika kokha ayi. Maselo a chitetezo cha m'thupi ndi a m'njira za mpweya amatumizirana timauthenga totchedwa ma cytokine, monga IL-4, IL-5, IL-13 ndi TSLP, ndiye timeneti tikachuluka njira za mpweya zimatupa, makhololo amachuluka, ndipo zikapitirira kwa zaka zambiri makoma a njirazo amakhuthala, minofu yake imakula, pamabwera zipsera, moti munthu amapuma movutikira ngakhale tsiku loti mphumu sinadzuke. Ya buluu imangotsegula njira kwa maola ochepa, kutupako siikukhudza n'komwe.

Jakisoniyo alipodi ndipo amatsekereza timauthenga tija: mepolizumab wa IL-5 anavomerezedwa pa matenda a mphumu ku America mu 2015, dupilumab wa IL-4 ndi IL-13 mu 2018, tezepelumab wa TSLP mu 2021. Koma sachiritsa, amangochepetsa kudwaladwala kwa anthu amene mphumu yawo yakana ma inhela onse, munthu amabayitsa mobwerezabwereza, komanso mtengo wake woti wothyola tiyi ku esiteti sangaufikire.

Ndiye mutani?

Musagulitse munda kapena mbuzi chifukwa cha jakisoni ameneyu. Pitani naye mwanayo kuchipatala mukafunse za inhela yochepetsa kutupa, aziipopa tsiku lililonse ngakhale ali bwinobwino, akuonetseni kapopedwe kake, mbaula izikhala panja. Akabanika mpaka kulephera kuyankhula, musadikire kuti kuche.