Anayambitsa ndi iwo, ine ndinangotsatira: wopusa kwambiri ndani?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndakhala pabanja zaka 11. Chaka chatha amuna anga anabwera ndi nkhani ya bizinesi ya pafoni, yoti ukaikamo ndalama zimaswana kawiri pakangotha mwezi, bola ubweretse anthu ena. Mtima wanga unakana tsiku lomwelo, koma nditafunsa komwe phindulo likuchokera anandiyankha kuti ndimakonda kubweza zinthu m'mbuyo. Ndinangoti chete. Mwezi woyamba analandiradi kangachepe, ndiye tinakatenga ngongole, ine n'kusainira. Kenako ndinakopa mng'ono wanga ndi mayi anga, nawonso anaikamo zawo. Mwezi wachinayi zonse zinazimiririka, eni ake sakupezeka. Pano m'nyumba ndi mkangano tsiku ndi tsiku. Ine ndimati anatigwetsa m'dzenje ndi iwo, iwo amati sanandigwire dzanja posaina. Mng'ono wanga sakundiyankhula. Tiweruzeni: wopusa kwambiri ndani, woyambitsa kapena wotsatira?

Mayi wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Ndikudziwa yankho lomwe ukufuna. Ukufuna ndinene kuti chitsiru ndi amuna ako, ukawawerengere madzulo ano mkangano uthere kumbali yako. Sindichita zimenezo, ngakhale mlandu wawo ndiuona bwino lomwe.

Tiyambe ndi iwowo. Kunyengedwa pakokha si chamanyazi kwenikweni, chifukwa msampha umenewu wakola anthu ophunzira ndi olemera omwe. Mu 1920, mumzinda wa Boston ku America, munthu wina wachinyengo dzina lake Charles Ponzi ankalonjeza anthu oika ndalama kwa iye phindu la 50 peresenti m'masiku 45, ndipo oyambirira ankalandiradi, chifukwa ankawalipira ndi ndalama za obwera pambuyo. Chaka chomwecho chisanathe zonse zinagwa. Kangachepe kamene munalandira mwezi woyamba kaja kanali nyambo, ndalama za munthu wina amene lero akulira ngati iwe. Ndipo masamu ake sangatheke: aliyense akati abweretse anthu 6, pofika mzere wa 13 pafunika anthu oposa 13 biliyoni, pomwe dziko lonse lili ndi anthu 8 biliyoni ndi pang'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene ndikuwadzudzula nacho amuna ako ndi yankho lija. Unafunsa funso loyenera, funso limene likanapulumutsa banja lonse, iwo n'kukutseka pakamwa ndi mawu onyoza. Munthu wotsogolera amene safuna kufunsidwa ndi woopsa kuposa amene sadziwa njira. Ndiye lero asamati sanakugwire dzanja. Dzanja sanaligwire, koma lilime analimanga.

Tsopano iwe. Wawerenganso kalata yakoyi? Walemba wekha kuti mtima wako unakana tsiku lomwelo. Amuna ako anagwa m'dzenje chifukwa sanalione. Iwe unaliona, n'kuwatsatira, kenako n'kubwerera kukatenga mng'ono wako ndi mayi ako. Apa ndi pamene funso lako likusokonekera, chifukwa sunali wotsatira chabe. Kwa amuna ako unali kumbuyo, koma kwa abale ako unali kutsogolo, ndipo iwo sanakhulupirire anthu a pafoni aja, anakhulupirira iwe. Mlandu womwe ukuwaimba amuna ako ndi womwewo umene mng'ono wako akukuimba ndi chete wakeyo.

Ngati ukufunabe chigamulo, nachi: pa anthu awiri ochita chopusa, ine ndimada nkhawa kwambiri ndi amene ankadziwa. Wosadziwa akaphunzira asintha. Koma wodziwa n'kukhala chete kuti asakhumudwitse mnzake, mawa adzachitanso chimodzimodzi pa nkhani ina, chifukwa vuto lake si nzeru, ndi mantha.

Usadzione ngati wachilendo pa zimenezi. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa za maganizo a anthu wa ku America, Solomon Asch, ankaonetsa anthu mizere yosiyana kutalika n'kuwafunsa funso losavuta kwambiri, atawakhazika pakati pa gulu lomwe analipangira kuti liziyankha zabodza. Pafupifupi atatu mwa anayi alionse anatsatira gululo kamodzi kapena kuposa, maso awo akuona zina. Koma pagululo pakakhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira kuja kunkatsika kwambiri. Mmodzi basi. M'banja mulibe gulu, muli anthu awiri, choncho mmodzi ameneyo unali iwe. Ambiri amaganiza kuti kuvomera chilichonse ndiko ulemu. Ayi, wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo palibe mnansi wapafupi kuposa wogona naye m'nyumba imodzi.

Ndiwonjezepo kuti mkangano wa "wopusa ndani" ndi wokoma kwa nonse awiri, chifukwa pamene mukulozana zala simukuyang'ana ngongole, ndipo chiwongoladzanja sichidikira kuti mugwirizane.

Chita izi. Sankha nthawi yomwe ana palibe, uwauze amuna ako mawu amene sunawanenepo: kuti unakayika kuyambira pachiyambi, kuti unaopa kuwakhumudwitsa, ndipo kuti sudzasainanso chinthu chomwe sukuchimvetsa. Yamba ndi mbali yako, chifukwa munthu savutika kuvomera kulakwa akaona kuti sakuzengedwa yekha. Akakana n'kumaumirira kuti analibe vuto, itanani munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza, wosakondera mbali. Kenako lembani ngongole zonse papepala, mupite kwa okukongozani musanawathawe, mukapemphe dongosolo lobwezera pang'onopang'ono. Sungani mauthenga ndi umboni wonse wa ndalama zomwe munatumiza, mukadandaule kupolisi. Ndipo wina akabwera n'kunena kuti angakubwezereni zotayikazo mukamulipira kaye, muthaweni, akuba amakonda kubwerera kwa amene anawabera kale.

Kwa mng'ono wako upite wekha, osati pafoni, ndipo dzina la amuna ako lisatuluke pakamwa pako. Umuuze kuti unali ndi chikayiko ndipo sunamuuze. Zidzamupweteka kumva zimenezo, mwina sakuyankha tsiku lomwelo. Umuuzenso zomwe ungathe kumamubwezera mwezi ndi mwezi, ngakhale zichepe bwanji, ndipo gawo loyamba ulitengere m'manja popita. Ukachoka kumeneko, upite kwa mayi ako.

Azakhali