FUNSANI AMAKANIKO: Magalimoto athu mu nthawi ya Corona

Makalata awa ndi a mwezi wa January 2021, ndipo pafupifupi onse akuzungulira pa mliri wa Corona. Kuno kwathu lockdown yeniyeni sinachitike, mukukumbuka ija ya masiku 21 imayenera kuyamba pa 18 April 2020 khoti linaiimitsa a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula, komabe magalimoto ambiri angoima m'mipanda, ena eni ake akugwirira ntchito kunyumba, ena ntchito inatha, ena anatsekeredwa kunja. Chiyambireni curfew ya 9 koloko usiku mu January 2021 muno nde anthu apeza nthawi yotsegula boneti. Tiyeni tione.

FUNSO: Amakaniko, ine ndili ku Joni. Ndinabwera kumudzi December 2019 ndikugula ka Vitz, ndinakasiya kwa amayi ndimvekere ndibwera pa Isitala, basi pa 27 March lockdown inayamba kuno ntchito yanga ya mu restaurant inaima, January uno atsekanso boda ya Beitbridge. Galimoto yatha chaka osayenda. Mng'ono wanga ankailiza Loweruka lililonse kwa mphindi zisanu koma pano akuti ikungoti tche tche tche osalira, nde akufuna aikankhe ndi anzake. Ndimuuze chani? — Wa ku Chirimba, ali ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, choyamba muimbireni lero lomwe asaikankhe. Ma Vitz ochokera ku Japan pafupifupi onse ndi otomatiki, ndipo otomatiki siilira ndi kukankha olo anyamata atakhala khumi, akangoiponya mu D ikuyenda angakupwetekereni giyabokosi basi.

Tche tche tche imeneyo ndi batire, ilibe mphamvu zotembenuza sitata. Ndipo mwanayo ankafuna kukuthandizani koma kuliza kwa mphindi zisanu kuja ndi kumene kwaimaliza, chifukwa poliza galimoto sitata imadya moto wambiri nthawi imodzi ndipo injini ikangolira pompo kanthawi kochepa chonchi alternator siibwezera onse omwe atuluka, nde sabata iliyonse batire imatsika pang'ono pang'ono mpaka yagona. Kuonjezera apo injini yosatentha bwino imasiya chinyontho mu ekizozi ndi mu oyilo. Achotse batireyo, ayambe kumasula waya wa negative kenako wa positive, apite nayo kwa auto electrician akaitchaje usiku wonse ndikuiyeza. Yodzadza bwino imaonetsa 12.6 volts, ikamabwerera pa 12 kapena kutsikirapo patangotha tsiku limodzi chitchajireni ndiye kuti yapita, tumizani ndalama ya ina. Pobwezeretsa ayambe positive, negative kumapeto.

Koma asathamangire kuliza batire ikangobwera. Atsegule boneti ndi tochi ayang'ane bwinobwino, makoswe amakonda galimoto yoima makamaka nyengo ya mvula ino, ndipo ngati amayi amasunga matumba a chimanga pafupi ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Mu galaja mwathu sabata zapitazi munabwera Passo ina tinapeza chisa cha mapepala ndi zitsononkho mu bokosi la air filter, mawaya awiri opita ku ma coil atatafunidwa mpaka kopa kuonekera. Aone mu air filter, aone kuseri kwa glove box komwe kumakhala fyuluta ya eyakoni, aone mawaya onse amene maso angafike. Waya wosendeka ukakhudza chitsulo ndi mmene magalimoto amapsera.

Kenako petulo. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa uja, ethanol amakoka chinyontho, nde petulo wokhala chaka mu thanki yosadzadza amakhala atasintha, fungo lake limakhala ngati la vanishi ndipo mtundu umada. Ngati munasiyamo wochepa athiremo watsopano wambiri asakanizike, koma ngati ndi wambiri ndipo ukununkha choncho bola aitane makaniko aupope. Oyilo asinthe olo galimoto sinayende, chaka chakwana. Aonenso madzi a mu redieta ndi brake fluid.

Handibuleki ngati inali yokoka chaka chonse musadabwe matayala akumbuyo atakana kuzungulira, ma shoes amamatirira ku dramu ndi dzimbiri. Nthawi zambiri imamasuka ndi kaphokoso koti gu! akaisuntha pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, ikakana asakakamize ndi moto, achotse tayala agogode dramu mofatsa. Matayala apope kufika pa mlingo wolembedwa pa kasitika kamene kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo akamva kunjenjemera makilomita oyamba ndi chifukwa aphwatalala mbali yomwe anakhalira, kambiri zimatha akatentha. Akaona ming'alu m'mbali mwake amenewo musayendere.

Ikadzuka, munthu wa laisensi aziiyendetsa mphindi 20 kapena 30 kamodzi pa sabata ziwiri, ndipo aone kaye COF (pepala losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi chifukwa ndikukhulupirira zonse zinatha kale. Ngati palibe woyendetsa, bola kungochotsa waya wa negative, kutsitsa handibuleki, giya pa P ndi njerwa ku matayala, mudzaipeza bwino kuposa kumailiza pompo.

FUNSO: Bambo, ine ndine mphunzitsi ndipo ndi kutseka kwa sukuluku ndakhala ndikuonera mavidiyo pa YouTube, ndikufuna ndizipanga ndekha service ya Sienta yanga chifukwa ndalama zavuta komanso ndikuopa kukaunjikana ku galaja. Amuna anga akuti ndiononga galimoto. Kodi n'zotheka? Ku Biwi anandiuza kuti oyilo wabwino ku Malawi kotentha kuno ndi 20W-50. — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Amayi, n'zotheka ndithu ndipo kalata yanu yandisangalatsa. Kusintha oyilo, oil filter, air filter ndi mapulagi munthu aliyense wofatsa atha, ndipo mwini galimoto amene amadziwa pansi pa boneti yake savuta kumuthandiza ku galaja. Abambo akunyumba muwaitane azikugwirirani tochi, aphunzira nawo.

Za 20W-50 zo ayi. Sienta ya mtundu woyamba ija, imene yadzadza m'misewu mwathu, ili ndi injini ya 1NZ-FE ya 1.5, yomweyonso ili mu ma Probox ambiri, ndipo ili ndi VVT-i, njira yosinthira nthawi yotsegukira ma valve, imene imagwira ntchito ndi oyilo wodutsa mu timabowo tating'ono kwambiri. Oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba m'mawa injini ikazizira, nde tcheni cha timing chimayamba kulira ndipo mafuta imamwa ambiri. Gulani 5W-30, imalowa pafupifupi malita 3.7 mukasinthanso fyuluta, ndiye chigubu cha malita 4 chikwana. Gulani pa filling station kapena shopu yodziwika chigubu chili chomata, oyilo wotungira m'mabotolo a pamsika simudziwa kuti ndi chani.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi apa: musalowe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke. Jeke ya mu buti ija ndi yosinthira tayala basi, imagwa, ndipo anthu amafa nazo zimenezi. Gulani ma axle stand awiri, zitsulo zokhazikapo galimoto ikakwezedwa, muimike pa simenti kapena pouma polimba osati pa dothi lonyowa la mvula ino, njerwa zoumba zisalowe m'malo mwa stand chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Lizani injini mphindi zochepa oyilo afunde, zimitsani, masulani bawuti ya pansi ndi sipanala ya 14, oyilo atsikire mu beseni. Pa fyuluta yatsopano pakani kaoyilo pa labala yake ndikumanga ndi dzanja, ndipo muonetsetse kuti labala ya fyuluta yakale yatuluka nayo siinatsalire pa injini. Bawuti musamange ngati mukulimbana nayo, mazinga ake akadyeka ndi ntchito ina yodula. Oyilo wakudayo musathire mu ngalande kapena m'munda, ikani mu chigubu mukasiye ku galaja.

Chimene musakhudze panopa ndi giyabokosi. Ma Sienta ambiri ali ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT ndipo amafuna oyilo wakewake wa CVT, wa Toyota amalemba TC kapena FE kutengera chaka. Wina akakuthirirani ATF, oyilo wamba wa otomatiki wofiira uja, poti "ndi chimodzimodzi", galimoto iyamba kunjenjemera ponyamuka ndipo mapeto ake ndi kusaka giyabokosi ina. Mabulekinso poyamba muchite pali munthu wodziwa pambali.

FUNSO: Biggie, ine Demio yanga ndaikonda kwambiri nde poti ma weekend sitikupitanso kokacheza ndasunga kandalama. Plan yanga ndi marimu a 17, kuitsitsa pang'ono, ma LED owala kwambiri ndi wailesi chifukwa yomwe ilimo imangogwira ma station awiri. Ndiyambe chiti? — Mnyamata wa ku Zolozolo, Mzuzu

YANKHO: Aise, mtima umenewo ndikuudziwa, galimoto yooneka bwino imakoma. Yambani wailesi chifukwa ndi yotchipa ndipo siiononga kanthu. Wailesi za ku Japan FM yake imayambira 76 kulekeza 90 MHz pomwe ma station athu ali pakati pa 87.5 ndi 108, n'chifukwa mukungogwira awiri okha. Pali ka FM expander kamene amalumikiza pa waya wa eriyo, kapena chotsani yonse muike ya Android, koma woika agwiritse ntchito ma connector osati kudula mawaya ndikumata ndi selotepi.

Pa marimu tiyeni tiwerengere limodzi. Demio yambiri imabwera ndi matayala a 175/65R14, kutanthauza kuti mnofu wa tayala kuchoka pa rimu kufika pansi ndi pafupifupi masentimita 11. Pa 17 muika 205/40R17, mnofu utsala masentimita 8 okha, kenako muitsitsenso, ndiye muganize maenje a mu M1 nyengo ino ndi mahampu a m'tauni ndi msewu wa kwanu mvula ikagwa. Dzenje limodzi rimu yapindika tayala latupa m'mbali, ndipo matayala a saizi imeneyo ndi odula komanso simuwapeza paliponse mukaphulitsa ku Jenda. Ine ndikanati marimu a 15 ndi matayala a 185/55R15, kutalika kwa tayala lonse kumakhala pafupifupi chimodzimodzi ndi loyamba nde speedometer siinama, galimoto ioneka bwino ndipo ipirira. Onani kuti marimuwo ndi a mabowo anayi a muyeso wa 4x100. Zotsitsazo musiye, makamaka zodula masipuling'i ndi grinder, zimapha mashoko ndipo galimoto imadumpha pa kona.

Musanagule chilichonse werengani matayala amene mulinawo. Magalimoto ambiri amafika kuchokera ku Japan ndi matayala olembedwa STUDLESS, amenewo ndi a mu chipale, labala yake ndi yofewa, pa tala wotentha amatha msanga ndipo pa mvula buleki imatalika. Palinso manambala anayi pambali pa mawu oti DOT, mwachitsanzo 2314 ndi sabata ya 23 chaka cha 2014. Ngati anu ali choncho ndalama yanuyo ipite kumeneko kaye, ndi mashoko ndi ma brake pads.

Ma LED oika mu nyali zopangidwira babu wamba amamwaza kuwala paliponse, inu mukuona ngati kwawala koma amene akubwera kutsogolo mwamuthobwa m'maso, ndipo m'mbali mwa msewu muli a kabaza ndi anthu oyenda pansi akuthamangira kunyumba madzulo. Tsukani magalasi a nyali achita chikasuwo ndi polish, ikani mababu abwino, muwongoletse nyali pa khoma. Ndipo poti misewu ikumakhala yopanda anthu madzulo ndamva anyamata ena akumayesa magalimoto, chonde inu musalowe nawo, liwiro mukaliwirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo zipatala zathu mu January 2021 muno mabedi ndi oxygen zikuperewera kale.

FUNSO: Ine ndimayendetsa taxi, ndimapopera sanitizer pa mipando ndi dashibodi ulendo uliwonse koma chiongolero chayamba kusupuka ndipo screen yachita mitambo. Mkazi wanga akuti ndizigwiritsa Jik. — Dalaivala wa ku Zomba

YANKHO: Madala, mukuchita bwino kuteteza makasitomala ndi banja lanu, koma Jik ayi, imawaula nsalu, imafooketsa malamba a mipando ndipo imadyetsa zitsulo dzimbiri. Sanitizer nayenso ali ndi spirit wambiri, n'chifukwa chikopa cha chiongolero chikusupuka. Madzi a sopo pa kansalu kofinya bwino akwana pa chiongolero, giya, zogwirira zitseko ndi zomangira malamba, kenako pukutani ndi kouma. Screen ipukuteni ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono basi, osapopera chilichonse. Sanitizer akhale wa m'manja mwa okwera, ndipo botolo musalisiye pa dashibodi padzuwa, limauluka mphamvu ndipo spirit amayaka akakumana ndi moto wa fodya.

Chachikulu mu galimoto ndi mpweya umene mukupumirana, kuposa mipando. Aliyense avale mask, mawindo akhale otsegula olo pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo mvula ikakukakamizani kutseka muyatse eyakoni koma kabatani kojambulidwa galimoto ndi muvi wozungulira mkati kakhale kozimitsa, kuti izikoka mpweya wa panja osati kuzunguliza womwewo. Fyuluta ya kuseri kwa glove box ija muisinthenso, pa taxi imadzadza fumbi msanga ndipo ikatsekeka fani imangolira mphepo osatuluka.